Mwana wanga wamwetsedwa mankhwala kusukulu ine osadziwa: kodi n'zololedwa?

Funso

"Zikomo adokotala. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa. Sabata yatha mwana wanga wamkazi wa Sitandade 4 anabwera kuchokera kusukulu ali wofooka, akudandaula chizungulire, kenako anasanza. Akuti kunabwera azaumoyo, anawayeza msinkhu pa ndodo n'kuwamwetsa mapilitsi akuluakulu owawa. Ine palibe anandiuza. Anzanga kudimba akuti mankhwala amenewa, pamodzi ndi katemera amene akubaya atsikana, ndi oti ana athu asadzabereke. Mchimwene wake wa zaka 12 tsikulo anathawa osamwa, koma iyeyo nthawi zina amakodza magazi, ndipo bambo ake akuti n'kukula kumeneko. Wamng'ono ali ndi matenda akugwa ndipo ayamba sukulu chaka chamawa. Kodi sukulu ili ndi mphamvu yomwetsa mwana mankhwala kholo osadziwa? Nanga n'chiyani china chokhudza umoyo wa ana kusukulu chimene ife makolo tiyenera kudziwa?" — Mayi wa ana atatu, Ngabu

Yankho

Mayi, khazikani mtima pansi kaye. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndodo yoyezera msinkhuyo ndi mapilitsi akuluakulu owawawo, mwana wanu anamwa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel. Kawirikawiri amawapereka limodzi ndi pilitsi lina la njoka za m'mimba, albendazole. Ndagwira ntchito ya zaumoyo kuno kuchigwa kwa zaka zambiri, ndipo pa tsiku la mankhwalawa sipalephera ana omva chizungulire, nseru, kupotokola m'mimba, ena mpaka kusanza. Zimatha zokha, nthawi zambiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Zimakula pa zifukwa ziwiri: mwana akamwa m'mimba mulibe kanthu, kapena akakhala kuti tizilombo tachuluka m'thupi mwake, chifukwa tikamafa thupi limamva. Choncho mwana amene wavutika kwambiri ndi mankhwalawa nthawi zambiri ndi amene amawafunikira kwambiri. Koma ngati mpaka pano akusanzabe, kapena anatupa nkhope, kutuluka zidzolo thupi lonse, kubanika kapena kukomoka, musadikire. Pitani naye kuchipatala lero lomwe, mutenge buku lake la kuchipatala, ndipo mukanene tsiku limene anamwa mankhwalawo.

Pa nkhani yoti simunauzidwe, mukunena zoona ndipo kudandaula kwanu n'komveka. Ntchito imeneyi si maganizo a mphunzitsi wina, ndi ya boma, ndipo Unduna wa Zaumoyo umaiyendetsa pamodzi ndi Unduna wa Zamaphunziro. Kawirikawiri salembetsa kholo lililonse kalata yovomereza. Mmene ziyenera kukhalira n'kuti alangizi a zaumoyo ndi ahedi adziwitse mafumu, komiti ya sukulu ndi makolo tsikulo lisanafike, ana auzidwe kuti abwere atadya, ndipo kholo lokayika libwere lidzafunse. Kholo likakana, mwana sakakamizidwa, ndipo palibe mwana woyenera kukwapulidwa kapena kubwezedwa kunyumba pa chifukwa chimenecho. Vuto limene ndaliona kawirikawiri n'loti uthenga umafera panjira. Amauza ana pa asembule kuti akanene kunyumba, mwana akafika kunyumba waiwala, makolo ali kudimba kapena ku ganyu ya kumizimbe, mawa lake mwana akumwa mankhwala ndi njala. Kumeneko n'kulakwitsa, ndipo n'koyenera kukonzedwa. Komabe ndikupemphani kuti mkwiyo wanu usathere pobisa ana m'nyumba tsiku la mankhwala.

Ndikutero chifukwa likodzo ndi matenda a kwathu kuno. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo madzi oterowo ali ponseponse: m'mphepete mwa Shire, m'dambo la Elephant Marsh, m'ngalande za mthirira, m'minda ya mpunga, m'zithaphwi zotsala madzi osefukira akaphwera. Munthu satenga likodzo pomwa madzi, tizilomboto timaboola khungu posamba, pochapa, powedza kapena powoloka. Nanga mu Okutobala dzuwa likafika pa madigiri 40, ndani angaletse mwana kudziponya m'madzi? N'chifukwa chake boma limamwetsa sukulu yonse popanda kuyeza mmodzimmodzi, poti m'madera ngati athu ana ambiri ali nato kale ngakhale akuoneka athanzi. Mankhwalawa amapha tizilombo tomwe tili m'thupi panthawiyo, sateteza za mawa. Zili ngati kupalira m'munda: udzu umameranso, koma amene wasiya kupalira ndiye sakolola.

Tsopano ndinene za mnyamatayo, chifukwa m'kalata yanu yonse iyi ndiyo nkhani imene yandidetsa nkhawa kwambiri. Kukodza magazi si kukula. Bambo ake asakhumudwe nane, ambiri anakula akumva choncho chifukwa pafupifupi mnyamata aliyense m'mudzi ankakodza magazi, mpaka anthu anayamba kuziona ngati chilengedwe. Magaziwo amatuluka chifukwa mazira a tizilombo akuboola chikhodzodzo. Mwana wotere amachepa magazi, amatopa msanga, amasinza m'kalasi, amakula monyentchera, ndipo aphunzitsi amangomuyesa waulesi. Zikapitirira kwa zaka, njira za mkodzo zimatsekeka, impso zimawonongeka, ndipo ena akakula amadwala khansa ya chikhodzodzo. Musadikire kuti azaumoyo adzabwerenso kusukulu. Pitani naye kuchipatala cha Ngabu sabata ino. Ndi cha boma, kuyeza ndi mankhwala n'zaulere. Zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo kapena Trinity ku Muona nazo zimathandiza, kungoti kumeneko pamakhala kolipira. Mazira amaoneka bwino mu mkodzo wa cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, makamaka madontho omaliza. Ndipo akapatsidwa mankhwala, adye kaye nsima kapena phala asanamwe.

Anzanu akudimba akuopa kuti atsikana sadzabereka. Mantha amenewo ndimawamvetsa, chifukwa kuno mbumba ndiye chuma. Koma chimene chimawononga uchembere ndi likodzolo, osati pilitsi. Mwa mtsikana mazira aja amakakhazikika m'njira ya chiberekero, kumayambitsa zilonda, kutaya magazi, kuwawa m'chinena, ndipo ena pambuyo pake amavutika kutenga pathupi. Zilondazo zimachititsanso kuti kachilombo ka HIV kalowe mosavuta. Ndakumanapo ndi amayi amene anamwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana kambirimbiri osachira, ena mabanja kugwedezeka, pomwe vuto linali likodzo la paubwana.

Kumbukiraninso kuti si koyamba kugawa mankhwala kwa anthu onse. Akuluakulu akukumbukira mmene matenda otupitsa miyendo ndi kubweretsa phudzi analili ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Anthu anamwa mankhwala chaka ndi chaka, ndipo mu 2020 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti Malawi yathana nawo ngati vuto la dziko. Mu 2022 linanenanso chimodzimodzi za trachoma, matenda a maso ochititsa khungu aja. Atsikana amene ankamwa mankhwalawo ali ana, lero ndi amene akudzaza sikelo ndi makanda kumbuyo.

Katemera wa atsikana amene mukunenayo ndi wa kachilombo ka HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Anayamba kumuyesa ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, ndipo mu 2019 anafalikira dziko lonse kuyambira atsikana a zaka 9. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo aliyense wa ife amene wagwirapo ntchito m'chipatala anaonapo mayi akubwera mochedwa, atataya magazi miyezi yambiri, pomwe chothandiza chatsala chochepa. Amabaya ana aang'ono chifukwa katemerayu amagwira bwino munthu asanakumane ndi kachilomboko, komwe kamafala pogonana. Si njira yolera, ndipo si chilolezo choti mwana ayambe zibwenzi. Njira zolera siziperekedwa pasukulu, Unduna wa Zamaphunziro sulola zimenezo. Chimene mwana angamve ndi kuwawa kwa mkono, mwina kutentha thupi pang'ono. Ena amagwa chifukwa choopa singano, n'chifukwa chake timawakhazika pansi kanthawi akabayidwa. Mwana wanu wa Sitandade 4 ali pa msinkhu womwewo. Onani m'buku lake ngati analandira, ndipo ngati sanalandire, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuuzani koyenera kupita. Inunso Mayi, ngati simunayezetsepo khomo la chiberekero, tengerani mwayi ulendo womwewo wa mnyamatayo.

Zina zimabwera mwa apo ndi apo. Mu Meyi 2023 munali kampeni ya katemera wa typhoid kwa ana osakwana zaka 15, ndipo ambiri anabayidwira kusukulu. M'sukulu zina atsikana osinkhukirapo amalandira mapilitsi owonjezera magazi kamodzi pa sabata. Amenewa amadetsa chimbudzi, musadabwe nazo.

Chimene makolo ambiri sadziwa n'choti sukulu zathu zapulayimale zilibe namwino kapena kachipatala. Pansi pa ndondomeko ya boma ya zaumoyo ndi kadyedwe m'sukulu, pamayenera kukhala mphunzitsi mmodzi woyang'anira zimenezi, amene anzake amamutchula kuti wa SHN. Iyeyo ndiye amalumikizana ndi mlangizi wa zaumoyo, amaona za zimbudzi, madzi ndi phala, komanso kutumiza ana odwala kuchipatala. Mudziweni dzina ndi nkhope, ndipo nayenso akudziweni. Koma si dokotala. Mwana akatentha thupi m'kalasi, chomwe sukulu ingachite ndi kumugoneka pamthunzi n'kukuitanani. Ndiye onetsetsani kuti ali ndi nambala ya foni yanu kapena ya mnansi, ndipo muwauze mosapita m'mbali kuti mwana wodwala asabwezedwe yekha pa dzuwa la masana. Mwana wamalungo atha kukomokera panjira popanda womuona.

Malungo ndiwo amajombetsa ana kwambiri kuno. Ana a msinkhu wa sukulu ndi amene amagona kunja kwa neti kuposa onse m'banja, chifukwa neti imapita kwa mayi ndi khanda, ndipo nyengo yotentha akuluakuluwo amakayala mphasa pakhonde. Mwana akatentha thupi, musangomupatsa panado n'kumuthamangitsira kusukulu. Akayezetse magazi. Akapezeka nawo, LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo amalize onse ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Akamabwerera kusukulu atenge buku la kuchipatala ngati umboni. Mwana amene anajomba chifukwa chodwala sayenera kupatsidwa chibalo.

Za wamng'onoyo ndichedwepo pang'ono, chifukwa ana odwala khunyu ambiri amasungidwa kunyumba popanda chifukwa. Ali ndi ufulu wophunzira ngati mwana wina aliyense. Sukulu yapulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limanena kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Palibe hedi amene ali ndi mphamvu yomukana chifukwa cha matenda akugwa. Chomwe ndikupempha n'choti musabise. Teremu isanayambe, pitani ndi buku lake kwa ahedi, mupemphe kuti akuitanireni mphunzitsi wa Sitandade 1 ndi wa SHN uja. Auzeni mmene amayambira akamagwa, nthawi imene zimatenga, ndi mankhwala amene amamwa. Auzeninso chochita, chifukwa aphunzitsi ena nawo amaopa. Achotse mabenchi ndi miyala pafupi, amuike kansalu kumutu, akasiya kuphupha amugoneke chammbali. Asamuike supuni kapena kamtengo mkamwa, asamupanikize, asamuthire madzi kapena kumumwetsa kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena akavulala mutu, ameneyo ndi wa kuchipatala msangamsanga. Khunyu sapatsirana, kaya kudzera m'malovu, kaya m'mpweya woipa monga ena amanenera, ndipo mphunzitsi akaliuza kalasi zimenezi tsiku loyamba, anzake sadzamuthawa.

Mankhwala ake asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo musadikire kuti athe kaye musanakatenge ena, makamaka dzinja likamayandikira pamene misewu ndi milatho imaduka. Asamatumidwe kukatunga madzi yekha, asamayandikire moto wa kukhitchini ya phala. Chinanso chofunika kwambiri: mwana amene amagwa asamwe praziquantel pamzere wa kusukulu. Ayambe waonedwa ndi dokotala. Ichi chokha ndi chifukwa chokwanira choti sukulu izidziwa za matenda ake.

Uphungu womwewu ukukhudza mwana wa mphumu, wa shuga, wosamva bwino kapena wosaona patali. Mwana wachialubino amafunika chipewa, malaya a manja aatali, mafuta oteteza khungu ochokera kuchipatala ndi mpando wakutsogolo, ndipo pa dzuwa la kuchigwa kuno asaimikidwe pa asembule nthawi yaitali. Nkhani ya HIV ndiyo yosiyana pang'ono. Lamulo la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka, ndipo sukulu singakakamize mwana kuyezetsa kuti alembedwe. Kholo silikakamizidwa kuulula. Komabe ndaona kuti pakakhala mphunzitsi mmodzi wosunga chinsinsi amene akudziwa, mwana savutika kupempha chilolezo tsiku lokatenga mankhwala.

Madzi ndi zimbudzi ndi pamene makolo muli ndi mphamvu zambiri koma simuzigwiritsa ntchito. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi a mchere, ana amawakana n'kukamwa pachithaphwi. Mpatseni mwana botolo lakelake la madzi othira klorini kapena owiritsa. Mafrizesi a pageti amakoma kukatentha, koma simudziwa madzi ake anatungidwa kuti. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa. Madzi akasefukira, monga mu 2015, mu 2019, nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi ya namondwe Freddy mu 2023, sukulu zathu zimasanduka misasa. Anthu akachoka amasiya zimbudzi zodzaza kapena zogumuka, mjigo utalowa matope. Ana asanabwerere m'kalasi, komiti ya sukulu iitane azaumoyo adzathire mankhwala mumjigo ndi kuona zimbudzi. Sukulu zimalandira ndalama za chitukuko kuchokera ku boma zimene amati SIG. Si zambiri, koma muli ndi ufulu wofunsa pamsonkhano kuti pa ndalamazo sopo ndi ndowa zosambira m'manja zapatsidwa zingati. Mwana akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, msungunulireni Thanzi, azimwa muli panjira yopita kuchipatala.

Sukulu zambiri za m'maboma awiriwa zimaphika phala mothandizidwa ndi mabungwe monga WFP. Ndi chinthu chabwino kwambiri, chimakoka ana m'miyezi ya njala. Mwana akhale ndi kapu yakeyake yotsuka bwino, ndipo likafika tsiku lanu lokaphika, musatumize chifukwa.

Mtsikana wanuyo akukula, ndiye mudziweretu izi. Pasukulu pamakhala gulu la amayi, lomwe ambiri amangoti mother group. Amenewa amalangiza atsikana za kusamba, ena amasoka nsalu zochapa zogwiritsa ntchito kumwezi, ndiponso amalondola ana amene asiya sukulu. Atsikana ambiri amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa posinthira, ndipo kachipinda kokhala ndi chitseko ndi ndowa ya madzi ndi chinthu chimene makolo angamange okha. Mtsikana akatenga pathupi, sukulu yake sinathere pomwepo. Kuyambira 1993 pali ndondomeko yomulola kubwerera akabereka, ndipo inakonzedwanso mu 2018. Kholo lipite kukadziwitsa ahedi kuti malo ake asungidwe. Kumukwatitsa si yankho, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mwana akagwiriridwa, kaya ndi mphunzitsi, wachibale kapena wina aliyense, chipatala chikhale choyamba, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza HIV ndi pathupi. Kenako ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nkhani yotere si yothera pa mbuzi kubwalo la mfumu. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi ya nkhani za ana ngati zimenezi. Kukwapula ana nakonso Unduna sulola, ndipo mwana akabwera ndi mabala, akaonedwe kuchipatala kuti zilembedwe.

Mukakhala ndi dandaulo, yambani ndi mphunzitsi wa kalasi, kenako ahedi ndi komiti ya sukulu. Zikakanika pamenepo, pitani kwa a PEA, mlangizi wa sukulu zapulayimale, ku ofesi yawo ya TDC ya zoni yanu, ndipo pamwamba pawo pali ofesi ya zamaphunziro ya boma. Pa funso la zaumoyo limene simungadikire nalo, imbani 54747, Chipatala cha pa Foni, mulankhule ndi azaumoyo m'Chichewa.

Pa nkhani yanuyi, ine ndikanakonda mukaonane ndi ahedi modekha, mutenge mayi mmodzi kapena awiri mwa anzanu akudimba aja, kuti akamve okha. Mukapemphe kuti pamsonkhano wa makolo ukubwerawu adzaitane mlangizi wa zaumoyo, abwere ndi botolo la mankhwalawo ndi ndodo yoyezera ija, makolo adzaone ndi kufunsa. Mukagwirizanenso zinthu ziwiri zoti zilembedwe m'buku la komiti: tsiku la mankhwala kapena katemera lizilengezedwa kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti kutatsala masiku angapo, ndipo pa tsikulo phala liziyamba kugawidwa mzere wa mapilitsi usanayambe.